Madzi a Tsamba Amene Ndinawatcha Magazi

Mpaka lero, utomoni wa fodya wamuwisi ukandimata m'zala n'kuyamba kuda, ndimawaona agogo a Muhiwa atakhala pachitsa m'chigafa cha bambo anga, singano ili m'manja, akusoka masamba mosafulumira, fungo lowawa lija litadzaza pansi pa denga la udzu moti ngakhale madzi akumwa ankamveka fodya. Kunja dzuwa la mwezi wa Malichi linkawotcha dothi lonyowa, nthunzi n'kumakwera m'mizere. M'kati munali kamdima kozizira, ndipo sunkamva china koma kukhudzana kwa masamba pamikangala, kutsokomola kwa bambo ndi ntchentche. Tonse tinali otopa. Fodya sadziwa kuti munthu ali ndi msana. Umayamba kumuweramira ku nazale mvula isanagwe, ndipo umadzaweramuka chaka chitatha, nthawi ya nazale ina itakwana.

A Muhiwa sanali agogo anga obereka. Anali ochokera ku Phalombe, ndipo kwathu kuno anabwera ngati tenanti pa esiteti ina ya kutsidya kwa dambo, cha kunjira ya ku Chamama. Akazi awo anamwalirira komweko. Mphamvu zitawathera, nyumba ya pa esiteti inafunika banja lina la manja ambiri, iwo n'kusowa kolowera. Bambo anawalozera malo kumapeto kwa munda wathu, pafupi ndi chulu, ndipo anamangapo kanyumba ka chipinda chimodzi. Zinali zaka zimene anthu wamba tinali titangoyamba kulima fodya wa m'zigafa, choncho bambo ankafunanso munthu woidziwa mbewuyo. Anthu ankawaseka kalankhulidwe kawo ka kummwera, komanso ankawatcha a Mabotolo, chifukwa paunyamata wawo anagwirapo ntchito yotsuka mabotolo ndi kusinja masamba kumalo ena kumene anthu ophunzira amayeza mbewu. Iwo dzinalo ankalivomera. Ine ankanditcha a Nabanda, ngati munthu wamkulu, pamene ndinali ndi zaka khumi zokha ndi zipsera m'mawondo.

Chaka choyamba nazale yathu inadwala. Ndinkatunga madzi kuchitsime cha kudambo m'mawa ndi madzulo mpaka khosi kuuma, koma mbande zinkangotalika ngati ulusi, zoyera mbuu, zogwa zokha. Bambo ankati awonjezere feteleza. Azakhali anga, alongo awo a bambo, ankati pali munthu wapondapo ndi mtima woipa. A Muhiwa anagwada movutikira, n'kukweza udzu umene tinaphimbira bedi la mbandezo, umene bambo anauunjika wambiri poopa dzuwa.

"Njala yake si ya pansi iyi, a Banda," anatero. "Ndi ya kumwamba."

Anayamba kupungula udzuwo pang'onopang'ono, m'mawa uliwonse kadzanja kamodzi, ndipo sabata isanathe mbande zija zinabiriwira n'kuima. Ndinawafunsa kuti kumwambako mbande zimadyako chiyani, popeza mvula inali isanabwere. Anagwira m'chiuno n'kundiuza kuti ndidzawafunse fodya akalowa m'chigafa, pakuti tsiku limenelo msana unali utawalanda nzeru.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kunena, ngakhale chimandilemera pakamwa. Mayi anga anali munthu wopemphera, wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kugwada. Koma miyezi ya njala, nkhokwe ikatha fodya asanagulitsidwe, ankatcheza kachasu mobisa m'tchire la kudambo, mayi wina wa mudzi wakutali n'kumadzatenga. Bambo ankadziwa, ankangoyang'ana kumbali. Zikanamveka kumpingo, mayi akanaimitsidwa pamaso pa anthu onse. A Muhiwa ankadziwanso, chifukwa ndi iwo ankawatolera nkhuni. Mowa sankamwa, koma mayi ankawapatsako pang'ono madontho oyamba aja, aukali kwambiri, amene amati mutu, kuti azipaka m'mawondo.

Tsiku lina masana, makolo atabwerera kumunda kukathyola fodya wina, tinatsala awiri m'chigafa, ine ndi a Muhiwa. Anabaya singano pamtengo n'kunena kuti funso langa lija lakhwima. Ndinali nditaiwala kale. Anandituma kukatola mphukira za fodya zimene tinathothola m'mawa, zanthete zobiriwira kwambiri, ndipo anazisinja pamwala mpaka zinakhala phala. Phalalo analiika m'kapu, n'kuthiramo kachasu wa m'mawondo uja, n'kuvundula ndi kamtengo kwa nthawi yaitali, akung'ung'udza nyimbo ya kwawo. Kenako anasefera pakansalu, madziwo n'kugwera m'kabotolo koyera ka mankhwala a chifuwa. Anali obiriwira kuposa tsamba lenilenilo.

Denga la chigafa linali ndi kabowo, ndipo dzuwa linkalowerapo ngati ndodo yoongoka, fumbi likuvina m'menemo. Anandiimika chammbali, kumdima, n'kundiuza kuti ndisayang'ane kudzuwa koma kubotolo. Atalilowetsa m'kuwala muja, madzi obiriwira aja anafiira psuu, kufiira kozama kochokera m'kati. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda mzati. Analichotsa, linabiriwira. Analibwezera, linafiiranso. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Musathawe, a Nabanda, mulibe munthu m'menemu. Khalani pansi."

Zimene anandiuza ndizinena mmene ndinazisungira, pakuti sukulu yanga inathera Sitandade 7. Anati m'tsamba lililonse muli tizipinda tosaoneka ndi maso, ndipo m'tizipindamo muli timatumba tosanjikizana ngati zitumbuwa m'beseni. Pakhungu la timatumbato pamakhala tinthu tobiriwira tosawerengeka, toimikidwa moyandikana, kalikonse pamalo pake. Anandifunsa ngati ndinaona mmene anthu ankapatsirana njerwa pomanga tchalitchi chathu, kuchokera pa uvuni mpaka pakhoma. Ndinati ndinaona, ndinaimanso pamzerepo. Anati basi ndi zomwezo. Kuwala kukagwera kamodzi mwa tinthuto, kamadzidzimuka, ndipo sikangathe kusunga mphamvuyo ngakhale nthawi ya kuphethira kwa diso. Kamapatsa kanzake, kanzakeko n'kupatsa kena, dzanja ndi dzanja, mpaka mphamvuyo ifike kwa kamene kali pakati. Kapakatiko ndiye mmisiri. Ndi mphamvu imeneyo tsamba limang'amba madzi amene mizu yakoka, ndipo kenako limamanga shuga kuchokera ku mpweya wolowa m'timabowo ta tsamba. Chotsala pong'amba madzi paja chimatuluka kunja, n'chimene ifeyo timapuma. Mbande za ku nazale zija, anati, zinali ndi madzi, zinali ndi feteleza, koma njerwa sizinkafika.

Anatinso kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yambiri yosakanikirana, yomwe ija timaiona pa utawaleza, ndipo tsamba silidya yonse. Limakonda kofiira ndi kwa mtundu wa thambo. Kubiriwira kumene timati ndiko kukongola kwa munda, ndi zimene tsamba lasiya m'mbale.

Ndinafunsa kuti nanga m'botolomo mukufiira bwanji.

"Ndawachotsa pamzere," anatero. "Aliyense akuyandama yekha. Kulandira akulandirabe, koma womupatsa palibe, ndiye akungobweza. Kukubwerera kofiira chifukwa kwatayako mphamvu panjira. Kwatopa."

Analitembenuza botololo m'zala zawo zakuda ndi utomoni, kenako analiika m'thumba la jekete n'kutenganso singano.

Za njerwa ndinazimva bwinobwino. Koma mwana amanyamula chimene chamudzidzimutsa. Madzulo a tsiku lomwelo, amayi a m'mudzi atabwera kudzatithandiza kusoka monga tinkachitira mosinthana, a Muhiwa atapita kukagoneka msana, ine ndinafuna kuti anthu andimvere. Ndinati agogo a Muhiwa ali ndi botolo la magazi, akaliika padzuwa magaziwo amaoneka, akalichotsa amabisala. Amayi aja anaseka, wina n'kunena kuti a Mabotolo ayamba kupenga ndi fungo la fodya. Mayi ananditsina pantchafu, ndipo ndinadziwa kuti akuopa za kachasu, ndiye ndinatseka pakamwa osafotokoza zotsalazo. Azakhali okha sanaseke. Anandifunsa kuti botololo ndi lalikulu bwanji, ndinawaonetsa ndi zala, iwo n'kupitiriza kusoka.

Patatha masiku asanu mng'ono wanga Rute, wa zaka ziwiri, anatentha thupi. Tsiku lachitatu zikhatho zake zinali zoyera ngati za munthu wogwira ufa, ndipo kulira kwake kunali kwa kamwana ka mphaka. Bambo anakweza mayi ndi mwanayo panjinga mpaka kuchipatala chaching'ono, achipatalawo n'kuwatumiza kuchipatala chachikulu cha ku boma. Bambo anabwerako okha, ndi mawu amene anauzidwa: malungo amumaliza mwana magazi, afunika kumuwonjezera ena.

Mawu akuti magazi atangotuluka pakamwa pa bambo, ndinaona azakhali akundiyang'ana.

Sizinatenge masiku awiri. Kunali kale mphekesera zakalekale za anthu opopa anzawo magazi, ndipo ankati zimachokera kummwera, kwawo kwa a Muhiwa. Wina anakumbukira kuti ankatsuka mabotolo kwa azungu. Wina anati nanga nazale ija anaichiritsa bwanji popanda mankhwala. Wina anati amamuona Rute akusewera pakhomo pawo. Anthu anasiya kuwapatsa moni. Amayi osoka aja anatumiza mawu kuti sangalowe m'chigafa chathu mkuluyo ali momwemo, ndipo amuna awo anati sabwera kudzathyola. Fodya anali atapsa m'munda, masamba apansi akuyamba kuwola ndi mvula, mayi ali kuchipatala, manja otsala ndi a bambo, anga ndi a munthu wokalambayo. Tinkasoka atatu osalankhulana. Bambo ankati akasoka pang'ono n'kuima pakhomo la chigafa, kuyang'ana munda ukuwonongeka.

Loweruka m'mawa kunabwera akulu ampingo awiri ndi abale a bambo, n'kukhala pamipando m'mphepete mwa chigafa. Kunali mitambo yokhayokha, kukuwaza mvula yamawawa. Mayi anali atafika m'mawa womwewo kudzatenga ufa ndi zovala kuti abwerere kwa mwana, ndipo anaima patali pang'ono, atatsamira mzati, dengu lili m'manja. Maso awo anali olowa m'kati ngati a munthu amene sanagone sabata yathunthu.

A Muhiwa anabwera atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anatulutsa botolo lija n'kuliika pansi pakati pa anthu. Koma madzi a masamba sakhalitsa. Anali atasanduka ngati tiyi wogona, osabiriwira, osafiira, ndipo dzuwa loti n'kuyesera panalibe.

"Mwaona," anatero azakhali. "Abisa."

A Muhiwa anafotokoza modekha kuti ndi madzi a mphukira za fodya osungunulira mu kachasu, ndipo dzuwa likatuluka akhoza kupanga ena pamaso pa aliyense. Anayamba kunena za tinthu topatsirana kuwala tija, koma anthu anayamba kung'ung'udza, wina n'kuseka kuti tsopano tsamba lili ndi amisiri. Akulu ampingo aja anandiitana ine. Anandifunsa ngati ndinaonadi kufiira m'botolomo. Ndinati ndinaona. Anandiuza kuti ndikhale pansi.

Mmodzi wa akulu ampingowo, bambo wofatsa amene ankatiphunzitsa Sande sukulu, sankafuna kuti a Muhiwa apite, ndipo ndikukhulupirira kuti ankawafunira njira yotulukira. Anati nkhaniyi ndi yosavuta. Ngati munali kachasu, ndiye kuti alipo amene anawapatsa. Munthuyo abwere anene kuti inde, ndinawapatsa kachasu wakutiwakuti, tsiku lakutilakuti, ndipo za magazi zithere pomwepo.

"Kachasuyo munamutenga kwa yani, a Muhiwa?"

Ndinayang'ana mapazi a mayi. Anali ndi matope a njira yonse ya kuchipatala, ndipo chala chachikulu chinkakanda pansi. A Muhiwa sanayang'ane kumene kunali mayi ngakhale kamodzi. Anayang'ana botolo lawo.

"Ndakalamba, abambo. Ndaiwala."

Mkulu uja anawafunsanso, mochonderera, kuti aganize bwino pakuti pogona pawo pali pamenepa. Anayankha chimodzimodzi. Ine ndinkadziwa yankho. Bambo ankalidziwa. Mayi ankalidziwa. Mvula inkangodontha kuchokera kudenga, ndipo palibe anatsegula pakamwa. Patapita nthawi bambo anapukuta kumaso ndi chipewa chawo n'kunena, mawu ali pansi, kuti iwo sakuweruza munthu, koma ali ndi mwana m'chipatala ndi fodya m'munda, ndipo a Muhiwa awamvetse. A Muhiwa anati amva. Anapempha kuti awalole kugona Sabata, asayende tsiku la Mulungu.

Masana a tsikulo anabwerera m'chigafa n'kumaliza mulu wa masamba umene anauyamba. Lamulungu anapita kutchalitchi, anakhala kumbuyo, benchi lonse lili lawo. Lolemba m'mawa ndinawaona akutuluka ndi thumba limodzi, khasu ndi kampoto kolendewera pachingwe. Amayi osoka aja anali akulowa kale pabwalo pathu. Ndinazemba n'kuwatsatira mpaka kumsewu wa ku Chamama, ndikulira chamumtima, ndipo titaima podikirira matola ndinawauza kuti ndine ndinayambitsa, ndine ndinati magazi.

"Munanena zimene munaona, a Nabanda," anatero. "Mawu okha ndiwo munatola apafupi. Tsiku lina muzidzayamba mwafunafuna."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere za mayi. Anati mayi anga ali ndi ana anayi ndi mpando kutchalitchi, pamene iwo ali ndi thumba limodzi, ndiye wopepuka kunyamuka ndani. Kenako anandiuza kuti ndibwerere, fodya sadikira. Galimoto itabwera anakwera kumbuyo, pakati pa matumba a chimanga, ndipo sindinaone ngati anatembenuka chifukwa cha fumbi ndi misozi ya m'maso mwanga.

Rute anachira. Anamuwonjezera magazi, ndipo patatha sabata ndi masiku anabwera ali kumsana kwa mayi, akudya nthochi. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha iye tsiku ndi tsiku. Lero ndi mayi wa ana ake, wonenepa, waphokoso kuposa tonse. Koma chimene chinanditopetsa mtima, ndipo chimanditopetsabe, n'chakuti anthu anati taonani, mfiti yangochoka mwana wadzuka. Nkhani inatsekedwa motero. Fodya wathu analowa yense m'chigafa. Kanyumba ka pachulu kanagwa ndi mvula ya chaka chotsatira, bambo n'kulimapo maungu.

Mayi sanatchezenso kachasu. Za tsiku lija sanazitchule mpaka atakalamba, ine nditakwatiwa kale kuno ku Njombwa. Tsiku lina ndikuwameta tsitsi pakhonde anangoyamba okha, osanditembenukira, kuti kodi ndimawakumbukira a Muhiwa. Ndinati ndimawakumbukira. Anati tsiku lija pakamwa pawo panatseguka kawiri, koma anali atatha sabata akuyang'ana mwana akuyera, ndipo analibe mphamvu yonyamulira manyazi ena. Ndinapitiriza kumeta. Panopa ndili ndi ana anga, ndagonapo pansi m'chipatala, ndipo sindingawaponyere mwala. Chete wa a Muhiwa uja ndi amene anasunga mayi mumpingo mpaka tsiku limene amayi anzawo anawaimbira powaperekeza kumanda. Ifenso tinakula opanda chitonzo. Zonsezo tinazilandira kwa munthu amene sitinamupatse ngakhale kamba wa panjira.

Mwana wanga wachiwiri ali ku sekondale. Tchuthi chathachi ankawerenga mokweza pakhonde, Chingerezi chokhachokha, ndipo nditamufunsa anandimasulira kuti ndi za mmene masamba amakolera kuwala. Ndinamuuza za mzere wa njerwa ndi mmisiri wa pakati. Anandifunsa kuti amayi, zimenezi munaziphunzira kuti, popeza m'bukumu zili momwemo, angozipatsa mayina aatali. Ndinamuuza kuti ndinali ndi mphunzitsi kwa masana amodzi.

Ndinayesapo kufunsa. Matenanti a ku Phalombe akabwera m'maesiteti a kuno ndimawafunsa ngati anamvapo za mkulu wina dzina lake Muhiwa, amene anabwerera kwawo kuchokera ku Kasungu ndi khasu ndi kampoto. Amati a Muhiwa kwawoko ndi ambiri. Sindidziwa ngati anafika n'komwe, kapena anatsikira panjira n'kupempha malo kumapeto kwa munda wa munthu wina. Mwamuna wanga amati ndisiye, munthuyo akanakhala moyo bwenzi ali ndi zaka zoposa zana, ndipo ndikudziwa kuti akunena zoona.

Komabe m'mawa uliwonse, ndisanatenge khasu, ndimagwada pamphasa n'kutchula anthu anga mmodzimmodzi, kuti Ambuye awapatse chakudya cha lero ndi pogona. Kwathu sitipempherera akufa, amenewo ali kale m'manja mwa Mwini wake. Mayi ndinawachotsa pamndandanda, bambo ndinawachotsa, azakhali nawonso. Koma za a Muhiwa palibe anabwera kudzandiuza zovuta. Ndiye ndimawatchulabe pamodzi ndi amoyo, pambuyo pa ana anga, kuti kumene aliko wina awapatse malo.